Nsanja yabodza ku Nkhata Bay

Amangwetu, sabata ino ndale ndaziika kaye pambali. Ndakangana ndi mnzanga amene tinkakhala desiki imodzi ku sekondale, moti mpaka lero moni wanga sakuyankha. Mlanduwu ndautula kwa inu awerengi, muweruze nokha.

Mnzangayu amakhala ku Chibavi kuno ku Mzuzu. Mayeso a Fomu 4 sanamukomere, koma dzanja lake ndi lamphatso. Amajambula zithunzi ndi penti wosungunula ndi madzi, uja wokhala m'kabokosi timibulutimibulu ngati maswiti. Loweruka lililonse amakwera minibasi kutsetsereka makilomita pafupifupi 50 kupita ku Nkhata Bay, kukagulitsa zithunzizo kwa alendo odzaona nyanja. Lendi, ufa ndi fizi ya mlongo wake, zonse zimatuluka m'kabokosi komweko.

Lachiwiri ndinamupeza akuuluzira mapepala ndi katoni, poti ndi kamvula kowaza ka kunoka penti amachedwa kuuma. Chithunzi chimodzi chinandikoka maso. Doko la Nkhata Bay lilipo, Ilala itakocheza, mabwato ali ndandanda pamchenga. Koma pathanthwe paima chinsanja chachitali cha mizere yofiira ndi yoyera, nyali ili ngwee pamwamba, chija Angerezi amati lighthouse, chotsogolera sitima usiku.

"Aise, chinsanjachi anamanga liti? Ine ndinali konko mwezi watha koma sindinachione."

"Iwe mtolankhani usandisokose. Ndinachiona pa kalendala. Azungu amachikonda, chithunzi chikakhala nacho sichigonera."

Pansi pake analemba m'Chingerezi kuti ili ndi dzuwa likulowa m'nyanja pa Nkhata Bay. Ada! Mwana aliyense wa Chitonga akudziwa kuti kumeneko dzuwa limatulukira m'nyanja ndi kukalowera kumapiri. Apa ndi pamene mkangano unabuka.

Musandimve molakwa. Nsanja zoterezi ziliko ndithu m'mbali mwa nyanja zamchere. Ya Green Point ku Cape Town inayamba kuwala mu 1824, ya Macuti ku Beira ndi ya 1904. Eni akumeneko akamazijambula ndiye kuti akujambula mbiri ya kwawo. Koma kuzula chinsanja cha eni ndi kudzachidzala pa thanthwe la Atonga, limenelo ndi bodza, ngakhale litapakidwa penti wokongola chotani.

Wina afunsa kuti kodi bodza la papepala lapha ndani? Tamverani. Mu 1858 David Livingstone anatenga wojambula wina, Thomas Baines, pa ulendo wake wa mu Zambezi. Baines anajambula mudzi wa Tete, mtsinje, ngalawa ndi anthu ake, zambiri ndi penti wamadzi yemweyu. Mu 1859 Livingstone anamuchotsa ntchito pomunamizira kuti akusolola katundu wa paulendo, koma zithunzi zija zinasungika, zina ku London. Lero wofuna kuona nkhope ya Tete wa masiku amenewo amayang'ana momwemo. Chithunzi ndi mboni. Nanga Baines akanamaonjezera za pa kalendala, bwenzi tikukhulupirira chiyani?

Chondipweteka n'chakuti zojambula zenizeni tili nazo zodzaza mtanga, ndipo zina zikutha tikuona. Ilala anaipangira ku Scotland mu 1949, anaibweretsa zidutswazidutswa, ndipo inayamba kuyenda pa nyanja yathu mu 1951. Sidzayandama mpaka muyaya. Mnzake Vipya anamira mu 1946 kufupi ndi Chitimba, anthu 145 n'kutsikira kulichete, koma ndi angati mwa ife amene angakuuzeni maonekedwe ake? Pali tchalitchi chakale cha ku Bandawe, malo amene Dr Robert Laws anasamutsirako mishoni mu 1881 kuchoka ku Cape Maclear. Pali tchalitchi chachikulu cha St Peter's pa Likoma, chimene anayamba kumanga mu 1903. Pali nkhungu, tizilombo tija timafuka pakati pa nyanja ngati utsi wa moto wolusa, mlendo n'kumayesa sitima yapsa.

Ndipo ngati mzungu akufuna nyali ya usiku, nyali tili nazo. Kakhaleni pagombe mwezi ukakhala mumdima. Muona mzere wa timoto kutali uko, ngati tauni yamera pamadzi. Amenewo ndi asodzi a usipa. Siginala amakhala m'bwato ndi nyali zake kukopa nsomba, anzake n'kuzungulitsa chilimira. Dzana zinali nyali zopopa za palafini, lero ambiri atenga mababu a batire ndi a sola, kuwala kwake n'kwina. Mabwato osema nawo akusowa mitengo ikuluikulu, maboti a matabwa ndi injini akulanda malo. Amene sajambula zimenezi lero, mawa adzazipeza kuti?

Ndikudziwa chifukwa china chimene mnzangayu amathawira zithunzi za usiku: n'zovuta. Iye yemwe anandiphunzitsa kuti pa penti wamadzi kuyera ndi pepala lenilenilo. Umayamba ndi mitundu yowala, yakuda pambuyo. Kuti nyali iwale, umasiya kadontho kouma n'kupaka mdima mozungulira, kapena kudontheza kaye phula la kandulo kuti penti asagwire. Burashi ikaterereka, basi, nyali yazima, pepala lapita, ndipo pepala lochindikala loyenera ntchitoyi si lotola. Koma luso limeneli iye ali nalo, ndinaonapo ndi maso angawa.

Nditamaliza ulaliki wangawu anandiyang'ana n'kunena kuti: "Chilungamo chakocho ndidyera nsima? Iwe unayamba wagulapo chithunzi changa?"

Kunena zoona, ndinasowa pogwira. Ife tomwe timadandaula za bodzali, m'nyumba mwathu tapachika makalendala a mapiri a chipale kumene sitidzapondako. Mabwana m'maofesi ndi m'malo ogona alendo muno mu Mzuzu makoma ali mbee, kapena apachika mkango wa pulasitiki. Wojambula tamusiyira kasitomala mmodzi yekha, mlendo, ndipo mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Akafuna chinsanja, chinsanja apatsidwa. Tsono wabodza wamkulu ndani, wopenta kapena ife omana?

Ine ndayambapo. Pa kandalama ka nkhani ino ndapatula theka, ndatumiza kudzera kwa mlongo wake uja, ndi kakalata koti ndikufuna nyali za asodzi pa Nkhata Bay, popanda chinsanja, dzuwa lisaonekeko n'komwe. Ndalama walandira, moni sanabwezebe. Koma ndamva kuti Lachisanu anakwera minibasi ya madzulo, kabokosi kali m'khwapa, kandulo ali m'thumba.

Tionana sabata ya mawa, akalola Mwini moyo.