KODI NAMWINO WA KUMUDZI APUMULA LITI?

Pa 12 May caka ciliconse maiko amakumbukila anamwino. Mu 2025 bungwe la International Council of Nurses linasankha mutu wonena za kusamalila anamwino eni ake. Nkhani imeneyi ikhudza kwambili anthu a kumidzi, pakuti pa zipatala zing'onozing'ono zambili namwino ndiye dotolo, ndiye mzamba, ndiyenso wogawa mankhwala.

Anamwino amalangizidwa kuti azigona mokwanila, azidya pa nthawi yake ndi kutenga chuti. Malangizo ake ndi abwino ndithu. Koma namwino amene ali yekha pa cipatala adzasiyila yani odwala? Mai wapakati akafika pa ngolo pakati pa usiku, acibale amagogoda ku nyumba ya namwinoyo. Kukaca, amai a ku sikelo ali kale pa mzele. Munthu wotele akayankha mokalipa, mudzi wonse umati ndi wamwano, koma ndi ocepa amene amafunsa ngati anagonako. Mwano pa wodwala ndi woipa, ndipo suyenela kulekeleledwa. Komabe coopsa ceniceni n'cakuti munthu wolema angalakwitse muyeso wa mankhwala a mwana.

Kulemela kwa nchitoyi kunaoneka poyela pa mlili wa kolela umene unayamba mu October 2023. Pofika January 2024 bwalo la Heroes Stadium mu Lusaka linasandutsidwa cipatala. Anthu oposa 20,000 anadwala, oposa 700 namwalila, ndipo anamwino anagwila nchito usana ndi usiku.

Mu 2022 Boma linalemba anchito a zaumoyo oposa 11,000, cinthu cimene cinapepuza mtolo m'maboma ambili. Ngakhale n'telo, mu 2023 bungwe la World Health Organization linaika Zambia pa mndandanda wa maiko 55 amene ali ndi vuto lalikulu la kucepa kwa anchito a zaumoyo.

Kutumiza namwino waciwili ndi udindo wa Unduna wa Zaumoyo, koma kuti iye akhazikike kudalilanso mudzi. Namwino sakhalitsa pamene palibe nyumba yabwino ndi madzi pafupi. Mafumu ndi makomiti a zaumoyo angathe kuumbitsa njelwa za nyumbayo, ndi kulimbikitsa amai apakati kukadikila ku cipatala masiku asanakwane, kuti kugogoda kwa usiku kucepe.