Nyali ya Matayala Ikayaka

Galimoto yonyamula tomato kupita ku Mbare Musika ikaphulika tayala panjira, thukuta la mlimi limathera pomwepo. N'chifukwa chake nyali yachikasu yochenjeza za mpweya wa m'matayala si yoinyalanyaza.

Asanathamangire kwa amakaniko a ku Workington, dera la mafakitale mumzinda wa Harare, dalaivala ayambe waona kayakidwe ka nyaliyo. Ikangoyaka osazima, ndiye kuti mpweya wachepa. Ayeze matayala onse m'mawa asanatenthe. Koma ikaphethira kwa mphindi ngati imodzi kenako n'kukhazikika, vuto lili ku magetsi.

Kawirikawiri cholakwa chimakhala kachipangizo ka pa valavu, m'kati mwa tayala, komwe kamatumiza uthenga popanda waya. Batire lake limatha pakapita zaka 5 mpaka 10, ndipo pamafunika kusintha kachipangizo konse. Pogula, asamale: tina timagwira ntchito pa 315 MHz, tina pa 433 MHz, ndipo kosagwirizana ndi galimoto n'kutaya ndalama chabe. Tizipangizo tikapezeka tili bwino, makaniko aunike fyuzi ndi mawaya.

Kumata nyaliyo ndi tepi sikuchotsa ngozi. Paja chosamva adachiphikira m'masamba.