Nthaka Yaguga, Ana Akuchuluka: Kalata ya Abusa kwa Akhristu ndi Anthu Onse Akufuna Kwabwino



Mu Novembala 2022 anthu padziko lapansi tinakwana 8 biliyoni. Chakudya chimene dziko limakolola chikhoza kutikwanira tonse, komabe mu 2023 anthu oposa 700 miliyoni ankagona ndi njala, ndipo bungwe la FAO likuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chakudyacho limawonongeka kapena kutayidwa. Anjalawo ena timapemphera nawo Lamulungu lililonse. Timawadziwa mayina, timadziwanso kuti m'mwezi wa Febuluwale amasiya minda yawo yosapalira n'kupita kukagwira ganyu m'minda ya ena.

Kuno kwathu, namondwe Freddy anakokolola minda kuchigawo cha kummwera mu 2023. Chaka chotsatira kunadza ng'amba, mpaka boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Mvula sitingailamule. Koma nthaka Mulungu anaiika m'manja mwathu, ndipo apa mpamene mtima wathu ukuwawa.

Kuyambira 2005 boma lakhala likuthira ndalama zambiri pa feteleza wotsika mtengo. Sitikunyoza, pakuti mabanja ambiri anapulumukira pomwepo. Koma feteleza amadyetsa chimanga cha chaka chimodzi, nthaka n'kutsala yoguga monga kale. Munda womwewo talimamo chimanga chokhachokha zaka ndi zaka, mapesi tikuwotcha posaka mbewa, mitengo yathera ku makala. Makolo athu sankadula msangu m'munda. Ankadziwa kuti umayoyola masamba mvula ikayamba, choncho suphimba mbewu, ndipo chimanga cha patsinde pake chimabereka bwino. Nandolo, mtedza ndi soya nazonso zimabwezera chonde. Bwererani ku ulimi wa kasakaniza, pangani manyowa, ndipo musachite manyazi ndi mapira, chinangwa ndi mbatata, mbewu zopirira ng'amba. Munthu amene wadya mbatata n'kukhuta asanene kuti wagona ndi njala chifukwa sanaone nsima.

Kwa atsogoleri athu tikuti: ndalama zina za feteleza zipite ku ulimi wothirira ndi kwa alangizi a zaulimi, amene m'midzi yambiri saonekanso. Misika ya ADMARC izitsegulidwa alimi akangokolola, mavenda asanasese chimanga chonse pa mtengo wolira, chimene mwini wake adzachigulenso modula mu Januwale.

Nafenso ampingo tili ndi mbali yathu. Yosefe anasunga tirigu m'zaka za dzinthu, njala isanafike. Tikupempha mpingo uliwonse kuti pa zopereka za masika a chaka chino upatuleko chimanga, uchisunge m'matumba osalowa mpweya kuti anankafumbwe asachifumbe, ndipo akulu a mpingo alembe msanga mayina a amasiye, okalamba ndi odwala amene adzalandire nyengo ya njala ikafika.

Ife abusa anu mwa Khristu.