ZA MASIKU AKALE: Mtola nkhani wa BBC ndi nkhondo yobisika ya ku Tete

Acikulire a kwa Mfumu Kapichila, m'boma la Lundazi, amene anali kale ndi nzeru m'caka ca 1973 adzakumbukira kuti wailesi sinali ya pa khomo lililonse. Amene anali nayo, kawirikawiri mphunzitsi, mwini sitolo kapena munthu wobwera ku migodi, anali kuitsegula madzulo okha kuopa kutha mabatire, ndipo anansi anali kudza kudzakhala pabwalo. Popotoza wailesiyo munthu anali kupeza Lusaka, Blantyre, Salisbury, ndipo nthawi zina London. Nkhondo inali imodzi, koma nyumba iliyonse ya wailesi inali kuisimba mwa njira yakeyake, ndipo zina zinali kungoti cete ngati kuti nkhondoyo kulibe.

Nkhondoyo inali ku Tete, cigawo ca Mozambique cimene cicita malire ndi Chadiza, Katete ndi Petauke, kumene Acewa a tsidya lino ndi a tsidya ilo ali pacibale. Cipani ca FRELIMO cinayambitsanso nkhondo m'cigawoci m'caka ca 1968 polimbana ndi Apwitikizi. Pofika 1972 asilikali a ZANU nawonso anali kudzera m'Tete momwemo polowa m'Rhodesia, ndipo mu December caka cimeneco anathira nkhondo pa famu ya Altena. Asilikali a Ian Smith anali ataoloka kale malire kukathandiza Apwitikizi. Maboma onse awiri sanafune kuti ici cimveke. Apwitikizi anali kuuza dziko lonse kuti zigawenga zatha mphamvu, pamene Smith anali kuuza azungu anzake kuti m'dziko muli bata. Kuvomera kuti asilikali a Rhodesia ali ku Tete kukadatsutsa mabodza awiri nthawi imodzi.

Kutseka anthu pakamwa sikunali kwacilendo m'maiko awiriwa. Ku Portugal, kumene kunalamulira Salazar ndipo pambuyo pake Marcello Caetano, nkhani iliyonse inali kuyamba yaonedwa ndi anthu a boma isanasindikizidwe, ndipo pensulo lao la buluu lofafanizira mau linachuka kwambiri. Ku Rhodesia, pamene Smith analengeza ufulu wake wakuba pa 11 November 1965, oyang'anira nkhani analowa m'nyumba za manyuzipepala tsiku lomwelo. Nyuzipepala ya Rhodesia Herald inayamba kusiya malo oyera pamene nkhani yadulidwa, kuti wowerenga aone yekha kuti pano panali mau. Boma linapsa mtima ngakhale ndi malo oyerawo.

Koma pepala limagwidwa pa cipata, pamene mau a pa wailesi sapempha cilolezo pa malire. Ndico cifukwa cake Britain anaimika makina a BBC ku Francistown, m'dziko limene tsopano ndi Botswana, kumapeto kwa 1965, kuti anthu a m'Rhodesia azimva nkhani zocokera ku London. A Smith anayankha ndi makina ao a phokoso osokoneza mauwo, ndipo m'caka ca 1968 makina a ku Francistown anatsekedwa. Cimene cinatsala cinali mtola nkhani mmodzimmodzi wokhala m'Salisbury mwenimweni, wotumiza zimene wamva pa lamya.

Mmodzi wa iwo anali Peter Niesewand. Iye anabadwira ku South Africa, nakulira m'Rhodesia, ndipo anali kutumiza nkhani ku BBC ndi ku nyuzipepala ya Guardian. Kumapeto kwa 1972 anasimba kuti asilikali a Rhodesia ali kumenya nkhondo m'kati mwa Mozambique. Mu February 1973 apolisi anamtenga kunyumba kwake mwa lamulo la nduna Desmond Lardner-Burke, namtsekera m'cipinda ca yekha. Anali ndi zaka 28.

Mlandu wake unazengedwa m'tseri. Atola nkhani anzake sanaloledwe kulowa m'bwalo, ndipo ngakhale mau a mlandu umene anali kumuimba sanaululidwe kwa anthu. Mu April anamlamula kukhala m'ndende zaka ziwiri akugwira nchito ya kalavula gaga, caka cimodzi ca izo coimikidwa, pansi pa lamulo losunga zinsinsi za boma. Apa m'pamene mlanduwo unadzionetsa kupusa kwake. Lamulolo linapangidwa kuti mdani asadziwe kumene asilikali ali. Nanga mdani wake uti? A FRELIMO anali kuwaona asilikaliwo ndi maso, ndi kuwomberana nao. Anthu a m'midzi ya ku Tete anali kuwathawa. Amene sanali kudziwa anali makolo a anyamata otumizidwawo ndi anthu a maiko akunja, ndipo cinsinsi conse cinali kubisidwa kwa iwowa.

Phokoso linakula ku Britain ndi m'maiko ena. Mu May bwalo lalikulu la apilo la m'Rhodesia momwemo linafafaniza cigamulo cija, poona kuti boma silinasonyeze kuti nkhaniyo inaononga citetezo ca dziko. Komabe sanamlole kubwerera ku nchito yake. Anamkweza ndege ya ku London atakhala yekha m'cipinda masiku 73. Kumeneko analemba buku la mlandu wake lochedwa In Camera, ndipo anamwalira m'caka ca 1983 asanakwanitse zaka 40.

Pamene Niesewand anali m'ndende, ku Tete kunali cinsinsi cina coopsa koposa. Pa 16 December 1972 asilikali a Apwitikizi anapha anthu mazanamazana, amai ndi ana omwe, pa Wiriyamu ndi midzi yoyandikana nayo, kufupi ndi tauni ya Tete. Panalibe wailesi imene inanena. Amene analemba maina a akufa anali ansembe a Cikatolika, ndipo ansembe ocokera ku Spain anazembetsa mapepalawo kupita nao ku Ulaya. Wansembe wa ku England, Adrian Hastings, anawapereka ku nyuzipepala ya The Times, imene inawasindikiza pa 10 July 1973, patatsala masiku owerengeka kuti Caetano afike ku London. Miyezi pafupifupi isanu ndi iwiri inali itapita. Boma la Portugal linayankha kuti mudzi wa dzina limenelo kulibe. Peter Pringle wa Sunday Times anapita ku Tete nakumana ndi wopulumuka, koma apolisi acinsinsi anamlanda zolemba zake ndi kumcotsa m'dziko.

Kuyambira pamenepo nkhondo ya pa wailesi inakula. M'caka ca 1973 Radio Zambia inatsegula nthambi youlutsa mau kunja, ndi makina ocokera ku China, ndipo zipani zomenyera ufulu monga ZANU, ZAPU, ANC ndi SWAPO zinali kupatsidwa nthawi yolankhula kwa anthu ao. Boma la Smith linalimbikitsa mawailesi ochipa a FM okha, amene sakoka mau ocokera kutali, kuti munthu wa kumudzi azimva Salisbury basi. Mozambique atalandira ufulu m'caka ca 1975, a Rhodesia anatsegula wailesi yonyoza boma la Samora Machel, yochedwa Voz da África Livre, imene anthu a FRELIMO anaipatsa dzina lakuti Rádio Quizumba, ndiye kuti wailesi ya fisi.

Nkosayenera kunena kuti mbali ina yonse inali yoyera. Mawailesi a omenyera ufulu nao anali a nkhondo: anali kukuza zipambano ndi kucepetsa maliro ao. Wailesi ya Lusaka inali ya boma la cipani cimodzi, ndipo ya Blantyre sinali kunena kanthu kosakondweretsa Dr Banda, amene anali pa ubwenzi ndi Apwitikizi ndi South Africa. Ngakhale BBC inali kuona Afirika ndi maso a ku London. Womvera wocenjera wa pabwalo paja anali kumva uku ndi uku, nafunsanso wa paulendo wocokera ku Chipata kapena ku Katete zimene othawa nkhondo ali kunena.

Boma la Caetano linagwa pa 25 April 1974, ndipo asilikali amene analigwetsa anapatsana cizindikiro ndi nyimbo zoimbidwa pa wailesi usiku. Rhodesia anasanduka Zimbabwe m'caka ca 1980. Za Wiriyamu, mudzi uja ananena kuti kulibe, nduna yaikulu ya Portugal, António Costa, inapepesa ili ku Maputo mu September 2022, patapita zaka pafupifupi 50.