Mtsikana Woponya Mpira

Alipo makolo ena amene anena kuti mtsikana wothamangira mpira ali waulesi, ndi kuti malo ake ndi pamtondo ndi kumunda kokha. Mawu awa sali oona, ndipo mbiri ya Mwai Kumwenda iwatsutsa.

Mwai anabadwa m'chaka cha 1989 m'boma la Mzimba. Pa ubwana wake analibe nsapato zosewerera, ndipo mpira wake unali wa mapepala apulasitiki okulungakulunga. Koma anauponya tsiku ndi tsiku, kufikira dzanja ndi diso lake zinamvana.

Mpira wa manja uli wovuta. Mkombero wake ukhala pamwamba pa mtengo wotalika mapazi 10, ndipo wosewera saloledwa kusunga mpira koposa masekondi 3. M'kanthawi kameneko woponya ayenera kuima nji, kulinga, ndi kuponya, mdani ali chitambasulire manja pamaso pake. Waulesi sangathe zotere.

Atakula, Mwai anasewera ku Blantyre m'gulu la Escom Sisters. M'chaka cha 2011 anaitanidwa ku Australia, ndipo pambuyo pake anasewera ku New Zealand. M'chaka cha 2015, pa mpikisano wa dziko lonse lapansi mumzinda wa Sydney, anamsankha kukhala wosewera woposa onse. M'chaka cha 2018 anali m'gulu la Amalawi limene linagonjetsa New Zealand ndi zigoli 57 kwa 53, chinthu chimene ambiri sanachiyembekeze.

Tsono chaka chomwecho tsoka linamgwera, pakuti mtsempha wa bondo lake unaduka, ndipo anakhala miyezi yambiri osasewera. Wina akadataya mtima. Iye analimbitsa mwendo wake pang'onopang'ono, nabwereranso kubwalo. M'chaka cha 2020 gulu lake la Melbourne Vixens linapambana masewera otsiriza ndi zigoli 66 kwa 64, ndipo iye ndiye anatchulidwa wopambana wa tsikulo. Akulu anati, "Kanthu n'khama, phwiti anakwatira njiwa."

Ana a ku Hara adziwa khama lotere, pakuti aona amayi awo alikuwokera mpunga m'matope, phando ndi phando, kufikira munda wonse wabiriwira. Woponya mpira aphunzira momwemo: kuponya kumodzi sikupanga katswiri, monga mbande imodzi siidzaza nkhokwe.

Chifukwa chake si bwino kumkaniza mtsikana mpira. Ayambe watunga madzi, nathandiza kumunda, nalemba ntchito ya kusukulu. Zitatha izi, makolo amlole apite kubwalo. Kumeneko thupi lake lilimba, ndipo aphunzira kumvera woweruza, kupatsira mnzake mpira m'malo moumirira yekha, ndi kupirira pamene agonja. Si onse adzaoloka nyanja monga Mwai, koma nzeru zimenezi zidzawathandiza onse, ngakhale iwo amene adzakalambira m'minda ya mpunga ya ku Hara.