Funso la pa Pepala Lovotera Lizimveka

Nkhani za chisankho cha pa 8 Novembala 2022 ku United States zinadzaza ndi mayina a opambana ndi ogonja, koma za kunsi kwa pepala lovotera, kumene anthu amasinthira malamulo aakulu a zigawo zawo, zinangodutsidwa. Dandaulo la lero lili kunsi komweko. Mafunso amene amalembedwa kumeneko munthu wamba sangawamve, ndipo owalemba sachita nazo manyazi.

M'tawuni yaing'ono ya Eutaw, m'chigawo cha Alabama, wovota anapatsidwa pepala lodzaza. Pamwamba panali mipando yodziwika: bwanamkubwa ndi wachiwiri wake, loya wamkulu wa boma, msungichuma, mkulu woona za ulimi, oweruza a khoti lalikulu ndi aphungu. Lamulo la ku Alabama limalola munthu kuchonga kamodzi pa dzina la chipani, basi mipando yonseyo wavotera. Koma kuchonga kumeneko sikufika kunsi. Kunsiko kunali mafunso khumi osintha malamulo aakulu a chigawo, ndi lina lovomereza buku lonse la malamulowo atalikonzanso. Mafunso otere amabwera m'chinenero cha maloya, chiganizo chachitali cholozera ku ndime zimene wovota sanaziwerengepo. Ena amangosiya osachonga, ena amachonga mwamwayi. Kuteroko sikusiyana ndi kudinda chala pa kalata ya ngongole wina asanakuwerengere.

Funso lachisanu ndi chinayi ndilo loseketsa. Linkakhudza mapaipi a zonyansa za m'zimbudzi m'katawuni ka Lake View, ndipo chigawo chonse chinafunsidwa maganizo. Mlimi wa ku Eutaw, msodzi wa ku Mobile, mphunzitsi wa ku Huntsville, onse anakhala oweruza pa nkhani ya zimbudzi za eniake!

Gwero lake ndi malamulo aakulu a 1901, amene azungu okhaokha analemba pofuna kulanda anthu akuda voti, n'kusonkhanitsa mphamvu ku likulu, Montgomery. Maboma ang'onoang'ono anatsala opanda mphamvu zokwanira, moti ngakhale kulimbana ndi udzudzu ku Mobile ndi kutaya ziweto zakufa ku Limestone zinalowa m'malamulo aakulu. Pofika 2022 malamulowo anali atasinthidwa koposa ka 900, pamene a dziko lonse la United States asinthidwa ka 27 kokha.

Wina anganene kuti zazing'ono ngati zimenezi zilibe ngozi. Amve za ku Louisiana tsiku lomwelo. Zigawo zisanu zinafunsa anthu ngati achotse m'malamulo mawu olola ukapolo kapena ntchito yokakamiza monga chilango cha wopezeka wolakwa. Alabama, Tennessee, Oregon ndi Vermont anavomera. Ku Louisiana funso linapindika mawu likudutsa m'nyumba ya malamulo, mpaka phungu amene analibweretsa anayamba kupempha anthu kuti alikane, poopa kuti momwe linalembedwera likanatsegulira khomo chinthu chomwe iye ankafuna kutseka. Anthu anakanadi. Dziko linamva kuti Louisiana yakana kuthetsa ukapolo, pamene ena mwa okanawo anangomvera chenjezo la mwini funso. Nkhani yaikulu chonchi, m'chigawo chimene makolo a anthu ambiri anagulitsidwa pa msika ku New Orleans, inafera pa kalembedwe. Izi n'zopweteka, ndipo mlandu wake suli pa ovota. Uli pa aphungu ndi maloya awo, amene anali ndi nthawi yokwanira yowongola chiganizo chimodzi.

Alabama nayo inapunthwa kawiri pa mwala womwewo. Mu 2004 funso lochotsa mawu olamula kuti ana akuda ndi oyera aziphunzira m'sukulu zosiyana linagwa ndi mavoti osakwana 2,000, chifukwa otsutsa anauza anthu kuti m'kati mwake mwabisala njira yokwezera misonkho. Mu 2012 linagwanso, ndipo ulendo umenewu atsogoleri ambiri a anthu akuda ndi bungwe la aphunzitsi ndiwo analikana, popeza linkasiya mawu onena kuti maphunziro a boma si ufulu wa mwana. Pamene funso limodzi lanyamula zinthu ziwiri, wovota amakakamizika kumeza chowawa kuti alandire chokoma, kapena kutaya zonse. Mawu atsankhowo anachotsedwa mu 2022, patapita zaka 18 chiyesereni koyamba.

Akuluakulu a chisankho ku Alabama adzayankha kuti chigawocho chili ndi bungwe lolemba tanthauzo la funso lililonse m'mawu osavuta, ndipo limaika zimenezo pa intaneti. Ntchito imeneyo ndi yabwino, ndipo iyamikiridwe. Koma pa pepala lomwelo funso lachiwiri linali lopempha chilolezo choti maboma ang'onoang'ono azithandiza ndi ndalama pofikitsa intaneti kumene sinafike. Boma likudziwa kuti midzi ilibe intaneti yodalirika. Nanga tanthauzolo agogo a kumudzi akaliwerengera pati? Ngati mawu osavuta alipo, alembedwe pa pepala lovotera penipeni, ndipo a maloyawo akhale m'mabuku awo.

Anthu a ku Chipata, Katete ndi Petauke ku Zambia nkhaniyi akuidziwa bwino. Pa 11 Ogasiti 2016 anapatsidwa mapepala asanu, lachisanulo la riferendamu, diso kutanthauza inde, khutu kutanthauza ayi. Funso linamanga pamodzi kuwonjezera maufulu a anthu ndi kusintha ndime 79 ya malamulo aakulu. Mwa amene anavota, oposa asanu ndi awiri mwa khumi anavomera, koma chiwerengero sichinafike theka la anthu oyenera kuvota monga lamulo linkafunira, ndipo maufuluwo anatsalira pomwepo. Ku Malawi pa 14 Juni 1993 funso linali limodzi, lomveka kwa wophunzira ndi wosaphunzira yemwe: chipani chimodzi kapena zipani zambiri, tambala wakuda kapena nyali. Palibe amene anabwerera kunyumba akudzifunsa kuti wavotera chiyani.

Malamulo aakulu a Malawi ali ndi ndime zimene sizisinthika popanda kufunsa anthu, choncho tsiku lina funso lidzafika pa sukulu ya pulaimale ya kumudzi kuno. Pempho kwa aphungu ndi akuluakulu oyendetsa zisankho ndi lakuti funso lililonse lizinyamula nkhani imodzi, lilembedwe m'zinenero zimene anthu amalankhula, ndipo lisanasindikizidwe liwerengedwe kwa amayi a pa msika ndi anyamata a kabaza. Akapanda kulimva, libwerere kwa olemba. Atolankhani nawo chonde asamathere pa mayina a opambana mipando. Awerenge mafunsowo pa wailesi sabata zingapo chisankho chisanafike, afotokoze chimene inde adzasinthe ndi chimene ayi adzasiye.