Mbulu wa Mankhwala Uyenera Kumwedwa ndi Madzi Okwana

Anthu ambiri kuno kum'mawa ameza mapiritsi ndi mate cabe, ena ndi madzi a pa supuni. Enanso agula mapiritsi pa tuntemba, atakulungidwa m'kapepala, ndi kuwasunga m'thumba la malaya dzinja lonse. Ine ndikuti makhalidwe awiriwa atitayitsa ndalama, ndipo nthawi zina moyo.

Mbulu uli wonse si mankhwala okha-okha ai. Opanga amaikamo zinthu zina zimene nchito yake ndi kuuphwanya ukafika m'mimba. Cakale kwambiri mwa izi ndi sitaci ya cimanga kapena ya mbatata. Masiku ano amaikamonso sodium starch glycolate, croscarmellose ndi crospovidone. Zinthuzi zimakoka madzi ndi kufufuma monga nyemba zobviika, ndipo mbulu umagawika tizidutswa ting'ono-ting'ono. Apo m'pamene mankhwala asungunuka ndi kulowa m'magazi.

Mwa muyeso wa British Pharmacopoeia, mbulu wosakutidwa uyenera kuphwanyika m'mphindi 15 m'madzi ofunda madigiri 37, monga thupi la munthu. Mapiritsi a ana osungunula pa supuni, monga a zinc a matenda otsegula m'mimba, ayenera kutero m'mphindi 3. Popanda madzi okwana nchitoyi icedwa, ndipo mbulu ukhoza kumamatira pakhosi ndi kupangapo cironda.

Madzi omwewo ndi mdani ngati afika nthawi isanakwane. Mbulu wokhala pa cinyontho umayamba kufufuma uli m'thumba. Umafewa, umanyenyeka, kapena ukauma umalimba koposa. Aspirin yoonongeka motere imanunkha ngati vinega. Kodi wa pa kantemba adzakuuzani kuti mapiritsi ake anagona pati mvula ikugwa?

Ena adzati cipatala ciri kutali ndipo kantemba kali pafupi. N'zoona. Koma mbulu wosagwira nchito ndiwo wodula koposa, pakuti mulipira ndipo matenda akhalabe. Bungwe la ZAMRA, loyang'anira mankhwala m'Zambia, liyenera kuyendera misika ya m'maboma ang'ono kawiri-kawiri.

Inu awerengi, imwani mbulu ndi kapu yodzaza ya madzi abwino, muli cikhalire kapena ciimire. Musaucotse m'pepala lake kufikira nthawi yomwera. Musaphwanye kapena kutafuna mbulu wokutidwa musanafunse anamwino, cifukwa ina inapangidwa kuti ikatsegukire m'matumbo, osati m'mimba. Mapiritsi ofewa kapena osintha mtundu abwezeni ku cipatala.